Garavadoli Itapita ku Liunde

Ku Tsangano, zaka zoyamba za ntchito

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinafikira pa reforoma, nthawi yopuma pa ntchito, ndili mlonda wa antena pamwamba pa phiri, chonsecho kale mawu anga ankamveka kuyambira ku Tsangano mpaka ku Furancungo. Ndinkangoseka n'kusintha nkhani. Tsopano maso ayamba kuchita nkhungu, ndiye ndilembe ndisanalephere kuona mizere ya pepala.

Wailesi ya Mkokomo anaiyambitsa ndi a Damiano, munthu wa geni ya kachewere amene anali ndi kamiyau imodzi, lole yonyamulira matumba, ndi loja, kasitolo, pamsika wa Tsangano. Sanali munthu wa nkhani kapena wa nyimbo ayi. Chinawatopetsa n'kutuma anthu panjinga kukauza alimi tsiku limene kamiyau ibwere, uthenga n'kumafika mbatata itayamba kale kuwola. Ine nthawi imeneyo ndinkakonza mawailesi pansi pa mtengo kuseri kwa loja yawoyo. Tsiku lina anaima patsogolo panga, manja m'thumba, n'kunena kuti, "Iwe Zakeyu, kutsegula radyo umatha. Nanga kulowamo n'kumalankhula sungathe?" Ndinati ndiyesa, patarau, poti ndi mmene tinkaitanira bwana. Ntchito inayamba choncho basi, popanda mayeso.

Situdiyo inali kachipinda kosungiramo matumba. M'makoma tinakhomamo masaka kuti mawu asamabwerere, koma jeradoli, injini yathu ya magetsi, inali pafupi kwambiri moti kulira kwake kunkamveka pansi pa chidziwitso chilichonse, ndipo anthu ankatiseka kuti dzina la wailesi tinalitola pamenepo. Mafuta akatha tinkapopa a mu kamiyau ndi kapaipi, mkamwa n'kumanunkha tsiku lonse. Mvula ikamagwa pa malata tinkachita kukuwa uthenga wa maliro ngati tikuitana munthu kutsidya kwa mtsinje. Wailesi inkadya za zidziwitso: maliro, ng'ombe zosochera, sitolo yatsopano, mkazi woitana mwamuna wake amene wakhalitsa ku Tete. A Damiano ankakonda kunena kuti, "Boma lili ndi radyo yake, mpingo uli ndi yake. Yathuyi ndi ya pamsika, ikapanda kugulitsa ifa." Anali aukali, ankatukwana mpaka ntchentche kuthawa, koma akalonjeza chinthu sankabweza, ndipo ndinagwira nawo ntchito mtima uli m'malo.

Ku Ntengo-Wambalame, zaka zapakati

Zinthu zitayenda, a Damiano anaimika antena yachiwiri paphiri la ku Ntengo-Wambalame, kenako yachitatu ku Furancungo, m'boma la Macanga. Ine ananditumiza ku Ntengo, ndipo kumeneko n'kumene ndinayambitsa pologalamu ya Loweruka masana yotchedwa Za Kwathu. Ndinkayenda pa mota, njinga yamoto ija, m'midzi ndi garavadoli, kamakina kojambulira mawu kokwana m'dzanja, kutola nyimbo za pamtondo, za maukwati, za ngoma ya Angoni. Ng'oma zinkandivuta. Ukaima patali umatola phokoso la anthu, ukayandikira ovina amakuponda. Ndiye ndinapeza nzeru yangayanga: ndinkamanga garavadoli ndi mphira pathupi pa ng'oma yotsogolera, ine n'kukakhala pakati pa anthu ngati mlendo wamba. Mawu ankatuluka oyera bwino, ndipo ndinkanyadira nzeru imeneyi kuposa mmene inayenera.

A Damiano atamwalira, ana awo anagulitsa kampani kwa anthu a mumzinda wa Tete amene sitinawaonepo nkhope. Iwo analumikiza masiteshoni atatu aja kuti pologalamu ya kumodzi izimveka konse nthawi imodzi. Anatumizanso lamulo lakuti siteshoni iliyonse izidzidyetsa yokha, yolephera itsekedwe. Kuyambira pamenepo tinkagwira ntchito ngati nkhuku yoona mthunzi wa kabawi. Ya ku Furancungo ndiyo inali yofooka, choncho anandisamutsira kumeneko ndi pologalamu yanga, poti inali ndi omvera. Tinapita ndi mayi anu, inu aakulu muli kale kusukulu ku Tete.

Ku Furancungo, chaka choyamba

Shefi wanga kumeneko, bwana wa siteshoniyo, anali a Basílio, mbadwa ya ku Macanga komweko, wamng'ono kwa ine, wophunzira ku Beira. Ndisawanamizire: anali munthu wolimbikira ndi wachilungamo. Mphezi itatentha komputadoli ya situdiyo, anakwera shapa, minibasi ija, kupita ku Tete kukaipempha ina, n'kubwera chimanjamanja, ndipo anatipepesa ngati wolakwa ndi iwo. Kuyambira pamenepo zojambula zonse tinkaziulutsa kuchokera mu garavadoli mwenimweni, pa kawaya, opanda kwina kozisunga. Ankanditchula kuti tiyu Zakeyu, ndiye kuti amalume. Chimodzi chokha ndinazindikira msanga: tchalitchi sankapondako, ndipo kwaya ikamaimba pa wailesi ankatuluka panja.

Ine ndi mayi anu tinalowa mpingo wa pamalopo. Munali mkulu wa mpingo wina wolemekezeka kwambiri, wa mawu okhuthala okoma, amene akayamba kupemphera ngakhale makanda ankakhala chete. Dzina lake sindilemba. Ndizingoti a Mkulu.

A Basílio anavutika mpaka anapeza wolipirira Za Kwathu, munthu wina wogulitsa mbewu ndi adubo, feteleza uja. Munthuyo anaika mfundo imodzi: akufuna ng'oma za gule wamkulu zimveke pa masiteshoni onse atatu, dzina la sitolo yake lili pakati. A Basílio anati, "Tiyu Zakeyu, ameneyu akatithawa, Tete itseka chitseko ichi. Pitani mukatole gule."

Mwezi wa Setembro, chaka chomwecho

Kunali bona m'mudzi wina kunja kwa Furancungo, tsiku Loweruka. Pologalamu ya tsikulo ndinasiyira mnzanga. Ine gule sindinalowe, ndinakulira m'banja la mpingo, choncho ndinayamba ndakaonana ndi mkulu woyang'anira bwalo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akutafuna fodya.

"Inu a radyo, mwabwera kudzatenga chiyani kuno?"

"Ng'oma ndi nyimbo za amayi basi, bambo."

"Chimene chamveka pabwalo, tengani, n'cha aliyense. Chimene sichinafike pabwalo si chanu. Tamvana?"

"Tamvana. Ndikaphwanya, mudzandipeze ku situdiyo, sindithawa."

Ndinamanga garavadoli pa mbalule, ng'oma yotsogolera ija, n'kukakhala pansi pakati pa anthu. Gule anatuluka, fumbi linakwera, amayi anaimba mpaka mawu kusasa. Dzuwa litapendeka, chikopa cha mbalule chinalefuka. Woimba ng'omayo anangoinyamula paphewa kupita nayo kukaiwamba pamoto, ndipo motowo unali kuseri kwa mpanda wa udzu, kuliunde, kumene gule amapumira ndipo munthu wosalowa safikako. Garavadoli yanga inapita nayo limodzi, kanyali kake kofiira kakuyaka. Ndinadzuka kuti ndimuitane, koma mayi wina anandikoka malaya. "Mukupita kuti inu? Khalani pansi, mukufuna kutiputira mlandu?" Ndinakhala pansi, thukuta lili chuu. Patapita nthawi ng'oma inabwera, gule anapitirira, ndipo ndinayesa kuti palibe amene wazindikira kanthu.

Lolemba m'mawa ndinalumikiza garavadoli ku sipika ya situdiyo kuti ndimve zimene ndatola. A Basílio analowa ndi kapu ya tiyi n'kuima pakhomo. Ng'oma zinamveka bwino kwambiri. Kenako zinaleka, kunamveka mapazi, kuthetheka kwa moto, ndi munthu akupuma mwawefuwefu pafupi penipeni. Munthuyo analankhula, osati ndi mawu opyapyala a pabwalo aja, koma ndi mawu ake enieni.

"Ndipatseni madzi, kukhosi kwauma. Ulendo uno ukhale womaliza, anyamata, mawa ndili pa guwa ine."

Wina anaseka, n'kumutchula dzina lonse. "Mukatipempherereko nafenso, a Mkulu."

Mawuwo ndinawadziwa dzina lisanatchulidwe n'komwe. Dzulo lake lomwelo ndinali nditawamva akulalikira za kutumikira ambuye awiri. Chigoba chimabisa nkhope, koma wailesi ilibe nkhope, ili ndi mawu okha, ndipo ku Macanga konse kunalibe munthu wosadziwa mawu amenewo.

A Basílio anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Bwezani." Ndinabweza. "Bwezaninso." Atamva kachitatu anatseka chitseko, n'kukhala pampando wa mlendo, ndipo anandiuza chimene sindinkachidziwa. Mayi awo anali a mvano, okhulupirika kuyambira utsikana. Mlongo wa mayiwo atamwalira, iwo anafulula mowa wa bona monga mwambo ufunira, poti panalibe wina woti achite. Amene anakawanenera ku bwalo la mpingo, n'kuumirira kuti adulidwe, anali a Mkulu omwewa. Mayiwo anadwala n'kumwalira asanabwezeredwe.

"Tiyu, mayi anga anapita kumanda popanda nyimbo ndi imodzi yomwe. Anzawo a mvano anabwera atavala zitenje wamba, n'kukhala patali ngati maliro a mlendo. Ndipo amene anachita zimenezo ndi uyu, wopempha madzi kuliundeyu. Loweruka izi zimveka zonse, osadula kanthu, masiteshoni onse atatu."

"A Shefi, ndinalonjeza pabwalo paja."

"Munalonjeza inu, ine sindinalonjeze."

"Eni gule akatentha antena bwanji?"

"Antena musiyire ine."

"Nanga munthuyo? Mpingo umutaya, anzake a kudambwe amuda kuti waulula, ana ake adzayenda bwanji pamsika? Si kumupha kumeneku?"

"Iye ataima pa mayi anga anafunsa kuti ine ndidzayenda bwanji?" Anamasula garavadoli pa kawaya, n'kuiika m'thumba la jekete. "Ikhala kwa ine mpaka Loweruka. Ndipo muulutsa ndinu, tiyu, ndi mawu anu. Zikanenedwa ndi ine azidzati n'chidani. Inu anthu amakukhulupirirani. É ordem, ndi lamulo."

Sabata imeneyo nsima sinkatsika. Ndinene poyera, ana anga: a Mkuluwo ndinadana nawo. Ndikakumbukira mayi a Basílio, mtima unkati zimveke basi, aone mmene zimawawira. Koma ndikakumbukira mkulu wa bwalo uja akuti "tamvana?", ndinkakumbukiranso kuti ndinamuvomera. Mayi anu anaona kuti sindili bwino, n'kundifunsa ngati ndadwala. Sindikanawauza, chifukwa kuuza munthu mmodzi n'chimodzimodzi kuulutsa, kungoti kumayenda pang'onopang'ono.

Lachinayi ndinakumana ndi a Mkulu pamsika. Anandigwira dzanja osalisiya, dzanja lawo lili lozizira.

"A Mbewe, ntchito ikuyenda? Mwajambula zotani masiku ano?"

"Za m'midzi zomwezi, a Mkulu."

"Kamakina kanu kaja kamamva patali bwanji?"

"Kamamva zimene zili pafupi nako."

Anandiyang'ana m'maso, n'kumwetulira ndi milomo yokha. Pamenepo ndinadziwa kuti anali ataona kanyali kofiira kaja pa ng'oma, koma mochedwa.

Loweruka lotsatira

Nthawi ya pologalamu itakwana, a Basílio analowa mu situdiyo, analumikiza okha garavadoli pa kawaya, n'kuima kumbuyo kwa mpando wanga. Ku Tsangano ndi ku Ntengo anali atatsegula kale mizere yawo, akudikira ife. Ndinapereka moni kwa omvera monga mwa masiku onse, n'kuika chidziwitso cha wogulitsa adubo uja. Chidziwitsocho chinali chachifupi, ndipo chikatha panayenera kulowa ng'oma.

Ndinatenga garavadoli m'dzanja. Nthawi yodula kachigawo koipako n'kusiya ng'oma panalibe, zonse zinali chinthu chimodzi. Ndinasankha kufufuta. Kamakinako kanafunsa pagalasi pake ngati ndatsimikiza.

"Tiyu, mukutani?" anatero a Basílio monong'ona, poti cholankhulira chinali pafupi.

Ndinadina. Ng'oma za tsiku lonse, zokoma kuposa zonse zimene ndinatolapo pa moyo wanga, zinapita pamodzi ndi mawu aja.

Chidziwitso chinatha, ndipo pa masiteshoni atatu panangoti zii. Ndinatsegula cholankhulira n'kunena kuti, "Abale anga, ng'oma zimene tinakulonjezani lero sizimveka. Wachititsa ndine, Zakeyu Mbewe, musadandaule wina." Kenako ndinaika nyimbo zakale za pamtondo.

Ndinkayembekeza kuti a Basílio andimenya, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Koma anangokhala pansi pasimenti, msana kukhoma, n'kuphimba nkhope ndi manja. Nyimbo itafika pakati anati, "Mwasankha iyeyo, tiyu. Mayi anga mwawakwiriranso kachiwiri." A Basílio akanatha kukanena za a Mkulu pakamwa pamsika, koma ankadziwa okha kuti mawu a munthu wodziwika kuti ali ndi mangawa sapita patali popanda umboni.

Wogulitsa adubo anachoka Lolemba lomwelo. Ku Tete analamula kuti ndichotsedwe pa cholankhulira, ndikalondere antena ku phiri la Ntengo. Chisanathe chaka, situdiyo ya Furancungo inatsekedwa, n'kutsala antena yokha yobwereza za ku Tsangano, ndipo anzanga a kumeneko anabalalika. Ena a iwo sandipatsa moni mpaka lero, ndipo sindiwaimba mlandu.

Mwezi wa Outubro, tisanasamuke

Tikumanga katundu, kunabwera uthenga wakuti abusa akundifuna ku bwalo la akulu a mpingo. Ndinapita masana, ndinapeza akhala pamabenchi m'kachipinda kovalira, a Mkulu ali kudzanja lamanja la abusa, Baibulo lili pamiyendo. Mlandu unali wakuti ine, mkhristu wodya mgonero, ndinaonedwa nditakhala pabwalo la gule tsiku lonse.

Ndinamvetsa nthawi yomweyo. A Mkulu sankadziwa chimene ndinamva ndi chimene ndinasunga. Pologalamu sinamveke, inde, koma mantha awo sanathe. Anafuna andiyambirire, kuti tsiku lina ndikadzatsegula pakamwa, anthu adzati ndi mkwiyo wa munthu wodulidwa.

Abusa anali munthu wofatsa. Anati, "A Mbewe, muli ndi mawu?"

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ntchito yanga, mawu anga pa wailesi, misozi ya a Basílio, zonsezo ndinazitaya chifukwa cha munthu ameneyu. Ndinati, "Ndili ndi funso limodzi, abusa. Mudzi uja uli kutali ndi mseu, ndipo pabwalo paja sindinaonepo mkhristu wa mpingo uno. Amene anandiona ine ndani, ndipo anaima pati?"

Akulu anayang'anana. Abusa anatembenuka n'kunena kuti, "Zoonadi. A Mkulu, nkhaniyi munabwera nayo ndinu. Mboni yanu ndani?"

A Mkulu anayamba kutembenuza masamba a Baibulo ngati yankho lili m'menemo. Mkulu wina wachinyamata anawayang'anitsitsa, nsidze zitakwinyika, ndipo ndinaona kuti wayamba kulumikiza zinthu. Panangofunika kuti ndikhale chete pang'ono pokha, osanena kanthu n'komwe, munthu wondinenerayo akanagwa yekha. Ndinamuyang'ana. Anali nkhalamba ya imvi, milomo itauma, maso akundipempha ngati mbuzi yomangidwa pamsika.

"Musawavutitse, abusa," ndinatero. "Mboni siifunika. Ndinapitadi, ndipo ndinakhalako mpaka dzuwa kulowa."

Anandiimitsa mgonero chaka chathunthu. Lamulungu lotsatira, wolengeza zigamulo pamaso pa mpingo anali a Mkulu omwewo, monga mwa udindo wawo. Anatchula dzina langa ndi mawu awo okoma aja, osanjenjemera ngakhale pang'ono, n'kupempha mpingo kuti undipempherere. Mayi anu anali pa benchi ya amayi a mvano, atavala bulauzi yawo yoyera. Anaweramitsa mutu, ndipo sanaudzutse mpaka mapemphero kutha.

Tikubwerera kunyumba mayi anu anayenda patsogolo panga. Titafika pa mlatho anaima n'kunena kuti, "Abambo, inu amene mumalankhula ndi maboma awiri, munalephera kudziyankhira pamaso pa anthu a pabenchi limodzi? Mwandivula pagulu lero."

Ndinati, "Ndinalibe mawu, mayi."

Anakhala nane zaka zonse za kuphiri kuja, akutunga madzi kutali, akuyesa kuti mwamuna wawo anataya ntchito ndi mgonero chifukwa cha kusasamala. Anapita kumanda osadziwa. A Mkulu nawo anamwalira, ndipo ndinamva kuti anaikidwa ndi kwaya ndi abusa ochokera kutali. Adzukulu awo mumakwera nawo shapa imodzi, mwina mumagulanso nyemba kwa iwo. Musandifunse dzina.